Bakkie ya ulendo wa kumudzi: yambani mwaganiza za katundu

Disembala wayandikira, ndipo kuno ku Johannesburg nkhani ndi imodzi: ndani akupita kumudzi, nanga anyamula chiyani? Lamlungu lapitali alamu anga anabwera ndi Hilux yawo. "Alamu, ndikufuna ndiikweze kutsogoloku kuti kufanane ndi kumbuyo. Ndigule chiyani?" Ndinawauza kuti ayambe akhala pansi kaye, chifukwa ineyo zimenezi zinatsala pang'ono kundiphetsa.

Zaka zitatu zapitazo ndinaikitsa ma spacer kutsogolo kwa bakkie yanga. Izi ndi zitsulo zimene amaika pamwamba pa sipiling'i ndi shoko, ndipo ndiyo njira yotchipa kuposa zonse. Ikakhala yopanda katundu, galimoto inkaoneka bwino zedi. Koma tsiku la ulendo, titapakira filiji, njinga ziwiri, matumba ndi zonse zimene abale anatituma, mayi a kunyumba ndi ana n'kukweranso, kumbuyo kunaphwa, mphuno n'kuloza kumwamba. Usiku, pakati pa Beitbridge ndi Masvingo, magetsi anga ankawala m'mitengo ndi m'maso mwa madalaivala a mathiraki, msewu osaoneka bwino. Chiwongolero chinapepuka. Ng'ombe ndinaiona ili pafupi kale, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinailewa bwanji, ana ali mtulo kumbuyo.

Nditabwerako, makaniko wina wachikulire anandifotokozera. Kumbuyo kwa bakkie amakukweza dala, kuti mukaika katundu galimoto iime molingana. Mukailinganiza ili yopanda kanthu, mwadya malo amene katunduyo akanatsikira.

Ndiye nazi zimene ndinawauza alamu.

Choyamba, yang'anani pa disiki ya laisensi. Pali manambala awiri, GVM ndi Tare. Mukachotsera wachiwiri pa woyambayo, zotsalazo ndiwo malire a zimene munganyamule, ndipo anthu, kanope ndi zonse zili momwemo. Pa double cab zambiri safika ngakhale makilogalamu 1,000. Masipiling'i olimba sasintha nambala imeneyi, chifukwa mabuleki, matayala ndi chesesi ndi zomwe zija.

Chachiwiri, ngati mumanyamula katundu kawirikawiri, ndalama zanu ziyambire kumbuyo: masipiling'i ogwirizana ndi katunduyo, pamodzi ndi mashoko ake. Makampani ngati Old Man Emu ndi Ironman 4x4 amagulitsa masipiling'i motengera kulemera kumene galimoto imanyamula masiku onse. Musathamangire olimbitsitsa. Ulendo wa kumudzi ndi wa kamodzi pa chaka, koma miyezi ina yonseyo bakkie yopanda katundu izidzangodumpha ngati ngolo. Mabuloko oika pakati pa ekisele ndi sipiling'i amakweza, inde, koma sawonjezera mphamvu yonyamulira.

Chachitatu, kutsogolo musapitirire mamilimita 50. Mukapyola pamenepo ma CV joint ndi ma ball joint amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, ndipo sachedwa kutha. CV joint ikathera ku Tete, mudzagona komweko kudikira sipeya. Dziwaninso kuti kukweza sikuchotsa difu ya kumbuyo pafupi ndi nthaka. Imakwera pokhapokha mwaika matayala aakulu, omwenso amamwetsa mafuta ambiri ndi kunamizitsa sipidomita.

Ntchito ikatha, pangitsani alayinimenti, konzetsani magetsi kuti aziloza pamsewu, ndipo auzeni a inshulansi zimene mwasintha, polemba. Mukabisa, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira. Kumbukiraninso kuti galimoto yokwera, makamaka katundu ali pamwamba, imapendama msanga pokhota.

Alamu anamvetsera mwakachetechete, kenako akuti, "Ndiye kuti kukongola kuja ndikuiwale?" Ndinawayankha kuti amayi kumudzi sadzayeza kutalika kwa galimoto, adzawerenga zidzukulu zimene zatsika. Tagwirizana kuti ndalama za ma spacer ziwonjezere pa mashoko atsopano, ndipo sitovu ndi matumba a simenti zitsogole pa thiraki ya matransipota. Loweruka tikupita limodzi kukaiyezetsa pa sikelo, itapakiridwa ngati mmene idzanyamukire.