Mpeni wa dotolo si malonda a pa foni

Kale nkhani ya kukonzetsa thupi kwa dotolo inali ya akazi a m'mafilimu a ku America, ndipo mu Lusaka inali kumveka ngati nthano cabe. Lero yalowa m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands, yafika ku Kabwata ndi Chelstone, ndipo ku Emmasdale, m'mbali mwa mseu wa Great North, ilikukambidwa m'masaluni ndi pa misonkhano ya cilimba. Caifikitsa kumeneko ndi foni ya m'manja. Pa Facebook, Instagram ndi TikTok pamaoneka zithunzi ziwiriziwiri: kumanzere mai wa mimba yolendewera ndi mawere akugwa, kumanja mai yemweyo ali ngati namwali. Pansi pace pali nambala ya WhatsApp ndi mtengo umodzi wophatikiza ndeke, hotela ndi opaleshoni ku Turkey, ku India kapena ku South Africa.

Palibe woyenera kuseka mai amene aganizira zimenezi. Kubala kanai kapena kasanu kumatambasula khungu ndi kulekanitsa minofu iwiri ya pamimba, ndipo citenge cimene akuluakulu amammanga naco mai ali m'cikuta sicibweza zonse. Kawirikawiri ciganizo ca opaleshoni cimabadwa ndi mau a mwamuna, amene amayerekeza mkazi wace ndi atsikana a m'tauni, kuiwala kuti anawo ndi ace, ndi kuti mimba yace ya mowa inabisa lamba kalekale. Thupi ndi la mwini wace, ndipo iye ndiye wosankha. Koma kusankhako kuli ndi phindu pokhapokha wosankhayo atauzidwa zoona zonse, ndipo apa ndi pamene amalonda a pa foni alikulakwira amai a dziko lino.

Opaleshoni yophwetsa mimba ndi opaleshoni yaikulu. Munthu amagonekedwa ndi mankhwala kwa maola angapo. Dotolo amaceka m'munsi mwa mimba kucokera ku fupa la ciuno la mbali ina kufikira la mbali inzace, nakanganula khungu, nasoka pamodzi minofu yolekana ija, nadula khungu ndi mafuta otsala, ndipo mcombo amautulutsira pa boo latsopano. Wodwala amadzuka ali ndi timapaipi totulutsa madzi ndi magazi, amayenda cowerama kwa masiku angapo, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi saloledwa kunyamula cinthu colemera, kaya cidebe ca madzi kaya mwana wa kumsana. Cipsera sicicoka. Pa khungu lakuda cipseraco cimatha kutupa ndi kukula kupitirira bala lenileni, cinthu cimene zithunzi za amalonda sizionetsa. Mai akatenganso pathupi, khungu ndi minofu zimatambasukanso, ndipo ndalama zonse zija zapita m'madzi.

Coopsa koposa ndi magazi amene amaundana m'mitsempha ya m'miyendo ndi kukatseka mapapo. Ngozi imeneyi imaculuka pa opaleshoni ya pamimba, imaonjezeka pamene mimba ndi mawere zacitidwa tsiku limodzi, ndipo imakulirakulira munthu akakhala maola ambiri m'ndeke bala lisanapole. A zaumoyo ku Britain amalangiza kuti wocitidwa opaleshoni yotere asakwere ndeke kufikira patapita masiku 7 mpaka 10. Wosuta fodya, wodwala shuga, wa kuthamanga kwa magazi ndi wonenepa kwambiri ali pangozi yoposa anzace.

Asaganize munthu kuti ndalama zimachinjiriza. Pa 23 October 2005 Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria pa nthawiyo, anamwalira pa cipatala ca ku Marbella m'dziko la Spain atacitidwa opaleshoni yocotsa mafuta a pamimba, ndipo mu 2009 khoti la kumeneko linapeza dotolo wace ndi mlandu wa kusasamala. Mu November 2007 Donda West, mai wace wa woimba Kanye West, anamwalira ku Los Angeles tsiku lotsatira atacepetsedwa mawere ndi mimba. Imfa yace inacititsa boma la California kukhazikitsa lamulo mu 2009 lakuti munthu ayambe wapimidwa thupi asanacitidwe opaleshoni yokongoletsa. Amai awiriwa anali ndi cuma ndi dzina. Nanga mai wa ku Emmasdale amene wasonkhanitsa ndalama za cilimba ndi ngongole, nasankha cipatala cifukwa ca kuchipa kwace, ali ndi ciani comteteza?

Za mawere nazo zili ndi mbiri yace. Timatumba ta silikoni tinaikidwa koyamba m'cifuwa ca mkazi mu 1962 ku Houston, ndipo kuyambira pamenepo akazi osawerengeka akhala nato, ambiri popanda bvuto. Koma timatumbati si ta moyo wonse. Timaphulika, mnofu wotizinga umauma ndi kupweteka, ndipo woikidwa ali ndi zaka 30 ayenera kuyembekeza kudzagonanso pa thebulo la dotolo ndi kulipiranso. Mu 2010 kunadziwika kuti kampani ya PIP ya ku France inali kudzaza timatumba tace ndi silikoni wa m'mafakitale wosabvomerezeka kuikidwa m'thupi la munthu. Akazi mazana a zikwi m'maiko ambiri anali atabvala kale, ndipo mwini kampaniyo, Jean-Claude Mas, anaweruzidwa mu 2013 kukhala m'ndende zaka zinai. Mu 2019 kampani ya Allergan inacotsa pa msika timatumba tace tokhakhala kunja, titapezeka kuti tikukhudzana ndi mtundu wina wa khansa wosaonekaoneka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali bodza limodzi limene liyenera kutha, cifukwa wobvutika nalo ndi khanda. Atsikana ena amafulumira kuletsa mwana kuyamwa poopa kuti mawere angagwe. Ofufuza apeza kuti cogwetsa mawere ndi pathupi penipenipo, msinkhu, fodya ndi kunenepa kotsatidwa ndi kuonda, osati kuyamwitsa ai.

Amalonda a pa foni nchito yao imatha ndeke ikatera pa bwalo la Kenneth Kaunda. Bala likaturuka mafinya pakati pa usiku ku Emmasdale, nambala ya WhatsApp ija sidzasoka munthu. Acibale adzathamanga naye ku cipatala ca Matero kapena ku UTH, kwa madotolo amene sanaone opaleshoniyo ndipo mwina alibe ndi pepala lomwe lowauza cimene cinacitidwa kapena mtundu wa katumba kamene kali m'cifuwa. Inshuwalansi ya NHIMA siilipira maopaleshoni okongoletsa. Tsono phindu latsala kunja, ndipo katundu wagwera banja ndi zipatala za Boma.

Zipatala zimenezo zili kale ndi mzere wautali wa anthu ofuna manja a madotolo omwewo. Kwa zaka zambiri Zambia yense anali kudalira dotolo mmodzi yekha wa luso lokonza thupi, Dr Goran Jovic wa ku UTH, amene anali kuuluka ndi kandeke ka FlySpec kupita ku zipatala za kumidzi kukasoka ana obadwa ndi mlomo wong'ambika ndi kuongola manja a anthu opsa ndi moto. Khansa ya m'mawere ndi yaciwiri kwa khansa ya khomo la cibaliro pakati pa amai a m'dziko muno, ndipo amai ambiri opita ku Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, amatsala ndi bere limodzi. Alipo amene mawere olemera amawapweteketsa msana ndi khosi zaka ndi zaka, ndi ena amene mcombo unatumphuka atabala. Kwa onsewa opaleshoni ndi mankhwala, ndipo Unduna wa Zaumoyo ukaphunzitsa madotolo ambiri a luso limeneli udzakhala wawathandiza iwo coyamba. Pamenepo ngakhale wofuna kukongola cabe adzakhala ndi dotolo wa pafupi amene angambwerere bala likabvuta.

Pakali pano mabungwe alipo, ndipo angofunika kugwira nchito yao poyera. Health Professions Council of Zambia ndiyo imalembetsa madotolo ndi kupereka ziphaso kwa zipatala. Iyenera kulengeza, m'Cinyanja ndi m'zilankhulo zina, maina a madotolo amene anaphunziradi luso limeneli ndi zipatala zololedwa kugoneka munthu, pakuti si dotolo aliyense wobvala khoti loyera amene angaceke mimba. ZAMRA iyenera kuyang'anitsitsa timatumba tolowa m'dziko, pamodzi ndi mafuta, mapiritsi ndi majekiseni amene amagulitsidwa ndi lonjezo lakuti amaimika mawere. Mphamvu ya mabungwewa siifika kwa dotolo wa ku Istanbul, koma mkhalapakati amene amalandira ndalama ali mu Lusaka ali pansi pa malamulo a Zambia, ndipo Competition and Consumer Protection Commission ili ndi mphamvu pa malonda onyenga. Wotere akakamizidwe kulembetsa, kuchula dzina la dotolo ndi cipatala, ndi kulemba pa pepala amene adzasamala wodwala ndi kulipira zinthu zikalakwika.

Mai amene watsimikiza mtima ayambe wapimidwa ndi dotolo wa kuno, adikire kufikira ataleka kubala, ndipo asapereke ngwee imodzi asanalankhule ndi dotolo weniweni amene adzagwira mpeniwo. Pobwerera abwere ndi lipoti la opaleshoni ndi khadi lonena dzina ndi nambala ya katumba kamene amuika.