Mbiya Yonyikira Nsalu Iyenera Kukhala ndi Woiyang'anira

Agogo ambiri m'midzi akukumbukirabe biriwita, nsalu yakuda mobiriŵira imene amalonda ankabwera nayo kuchokera kunja. Utoto wake unali indigo, wochokera ku masamba a chitsamba chotchedwa Indigofera, ndipo mitundu ina ya chitsambachi imamera yokha m'tchire muno m'Malaŵi. Thonje nalo limalimidwa ku Chikwawa, Balaka ndi Salima. Nanga n'chifukwa ninji nsalu yonyika iyenera kudikira mabelo a kaunjika?

Anthu a ku Nigeria adaliyankha kale funsoli. Mumzinda wa Kano muli maenje onyikiramo nsalu a Kofar Mata, amene mbiri yawo imati adakumbidwa m'chaka cha 1498. Ku Abeokuta amayi amalemba maluŵa pansalu ndi phala la chinangwa, nainyika m'mitsuko ikuluikulu kuseri kwa nyumba. Pamene padapakidwa phala utoto suloŵa. Kampani ya BASF ya ku Germany itayamba kugulitsa indigo wa m'fakitale m'chaka cha 1897, minda ya indigo ku India idagwa, koma luso la amayiŵa silidafe.

Magulu a amayi amene akufuna kuyamba ntchitoyi adziŵe kuti indigo sasungunuka m'madzi wamba. Amafuna madzi a phulusa, onga chidulo chophikira therere koma aukali, ndiponso masiku angapo kuti aŵire monga umachitira moŵa. Akapsa, madziwo amaoneka achikasu mobiriŵira, pamwamba pali thovu. Nsalu imatuluka yobiriŵira ngati msipu, ndipo mphepo ikaiwomba imasanduka buluu munthu akuona. Wofuna mtundu wa biriwita anyike, ayanike, anyikenso kangapo.

Apa ndi pamene alangizi a chitukuko ayenera kutchera khutu. Kugaŵira mayi aliyense kabeseni kake kumasangalatsa tsiku la msonkhano, koma n'kutaya ndalama za Boma. M'kabeseni utoto umazizira msanga, mpweya umauloŵa, ndipo umafa nsalu ziŵiri zisanathe. Mbiya yaikulu kapena mgolo wokwiriridwa pansi umasunga kutentha, ndipo ukamadyetsedwa gaga ndi madzi a phulusa umagwira ntchito miyezi. Koma chinthu cha gulu chimene aliyense amati n'cha mnzake chimaola. Komiti isankhe mayi mmodzi wodziŵika dzina, woti azitakasa mbiyayo mofatsa tsiku ndi tsiku, kuivundikira, ndi kulandira gawo lake pa nsalu iriyonse yogulitsidwa.

Ena, pofuna kufulumira, amagula kositiki soda ndi mankhwala ena a m'sitolo. Ameneŵa amawotcha manja ndipo amatha kuchititsa khungu. Gulu losankha njira imeneyi lisalandire thandizo mlangizi asanaone ndi maso ake magolovesi, chivundikiro choti mwana sangachitukule, ndi dzenje lotayamo madzi otsala kutali ndi mjigo.