Damu litagumuka ku Ukraine, mkangano wa pa intaneti udabisa nkhani ya madzi akumwa

Pa 6 June 2023, nkhondo ya pakati pa Ukraine ndi Russia ili mkati, damu la Kakhovka pa mtsinje wa Dnipro lidagumuka. Madzi adamiza midzi yambiri ndi mbali ina ya mzinda wa Kherson, ndipo anthu zikwizikwi adathawa m'nyumba zawo.

Tsiku lomwelo pa Telegram, Twitter ndi Facebook padabuka mkangano: wagumula ndani? Dziko la Ukraine lidaloza chala Russia, yomwe asilikali ake ndiwo ankalamulira damulo, pomwe Russia idati ndi Ukraine. Ena adafalitsa kanema wa kuphulika komwe kudachitika pamalopo mu November 2022 ngati wa tsikulo. Enanso adachititsa anthu mantha kuti malo opangira magetsi a nyukiliya ku Zaporizhzhia aphulika, ngakhale bungwe la IAEA lidati padalibe chiopsezo cha nthawi yomweyo.

Kupeza wolakwa n'kofunika. Koma mayi yemwe chitsime chake chamira amakhala ndi funso lina: kodi madziwa ndingamwetse mwana?

Chigumulacho chidakokolola zonyansa za m'zimbudzi, ziweto zakufa, mafuta a makina komanso mabomba okwirira pansi, omwe bungwe la Red Cross lidachenjeza kuti achoka pomwe ankadziwika. Kumtunda nako nyanja ya damulo idaphwa, ndipo bungwe la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 akusowa madzi abwino. Unduna wa zaumoyo udaletsa kusambira ndi kudya nsomba zakufa, poopa matenda otsegula m'mimba. Uthenga wotere supsetsa mtima munthu, n'chifukwa chake suyenda msanga pa foni ngati nkhani yolozana zala.

Ifenso tidaziona mu 2023, namondwe Freddy atatipeza tili pa mliri wa kolera, pomwe mphekesera zidachititsa ena kuopa zipatala.

Choncho uthenga wa ngozi ukafika pa gulu lanu la WhatsApp, musathamangire kuutumiza. Onani kaye tsiku lake ndi komwe wachokera. Ngati mukufuna kugawira anzanu kanthu, agawireni izi: madzi awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ana asasewere m'madzi osefukira, ndipo wotsegula m'mimba amwe thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala.