Bowa wochiza maganizo: Kodi Malawi wakonzeka?

Kuyambira mu Julaye 2023, madokotala ena ku Australia akuloledwa kupereka psilocybin, mankhwala opezeka mu bowa wina, kwa odwala matenda ovutika maganizo omwe mankhwala ena alephera. Psilocybin amafika mu ubongo pomwe pamagwira serotonin, n'kusintha momwe munthu amaonera zinthu kwa maola angapo. N'chifukwa chake wodwalayo sasiyidwa yekha.

Kwa alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje, nkhaniyi ikukumbutsa lamulo la 2020 lololeza chamba cha mankhwala. Komatu kulima n'kwina, kuchiza n'kwinanso. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo akatswiri ake ngochepa m'dziko muno. Popanda oyang'anira odwala, bowayu angadzutse misala mwa ena m'malo mowachiza.