Kafukufuku wa Zachuma: Amafunsa Ndani, Amalira Ndani?



Ambiri mwa ife sitidapondeko ku sukulu ya ukachenjede, ndipo tikamva za kafukufuku wa zachuma ndi zamalonda timayesa ndi nkhani ya anthu ovala mataye ku Zomba, ku Lilongwe ndi kutsidya kwa nyanja. Komatu mtengo wa thumba la feteleza, mphamvu ya kwacha m'thumba mwa mphunzitsi, ngakhale kutsekedwa kwa msika wa ADMARC m'dera lakwanu, zonsezi zimayambira pa pepala. Pepalalo wophunzira wina adalilemba, wandalama wina adalilipirira, ndipo waudindo wina adalivomereza. Amene amasenza zotsatira zake ndinu, koma simuitanidwa pokonza mafunso kapena pomva mayankho. Ife a bungwe lino taona kuti sitingakhale chete pa nkhani imeneyi.

Dzina limene lidatisandutsa msika

M'chaka cha 1981 katswiri wina wa IFC, nthambi ya World Bank, dzina lake Antoine van Agtmael, adaona kuti eni ndalama a ku New York sakopeka akamva za maiko osauka. Tsono adapeka dzina lina lokoma m'makutu, lakuti "emerging markets", kutanthauza misika imene ikuphuka kumene. Dzinalo lidafala, ndipo lero m'masukulu ambiri a ukachenjede muli nthambi zofufuza malonda ndi ndondomeko za maboma m'maiko monga Brazil, India, China ndi South Africa. Tamverani bwino dzinalo. Dziko lonse, pamodzi ndi ana ake, odwala ake ndi manda a makolo ake, likutchedwa msika, ndipo amene akuliyang'ana ndi wodzagulitsa kapena wodzabwereketsa. Funso lake loyamba ndi lakuti: kodi ndalama zanga zidzabwerera ndi phindu? Funsoli si tchimo. Koma ndi losiyana kwambiri ndi funso la mayi wa ku Nsanje lakuti: kodi ana anga adya chiyani mu Febuluwale?

Malawi satchulidwa kawirikawiri pa mndandanda wa misika imeneyi poti chuma chake n'chochepa, komabe mankhwala ophikidwa kumeneko ndi omwewo amene timamwetsedwa. M'chaka chomwecho cha 1981 World Bank idatulutsa lipoti la Elliot Berg lonena kuti maboma a mu Africa achepetse kulowerera pa zamalonda, ndipo Malawi adalandira ngongole yake yoyamba yosinthira kayendetsedwe ka chuma. Mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula ndi kugulitsa mbewu, ndipo ADMARC idatseka misika yambiri yakumidzi. Pa pepala zidali zomveka: boma likachokapo, amalonda adzalowa. Koma wamalonda sapita kumene kulibe msewu. Mlimi wakutali adatsala ndi chimanga chake popanda wogula pa nthawi yokolola, ndipo pa nthawi ya njala adasowa kogula.

Njala ya 2002

Tiyeni tikumbutsane za njala ya 2002, chifukwa m'menemo muli zonse zimene tikunenazi. Mu 1998 dziko lino lidayamba kugawa Starter Pack, kaphukusi ka mbewu ndi feteleza, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni. Nzeruyi idachokera kwa akatswiri a zaulimi amene adayesa chimanga m'minda ya m'dziko momwe muno, ndipo zokolola za 1999 ndi 2000 zidali zambiri. Posakhalitsa opereka thandizo adati ndondomekoyi ndi yokwera mtengo. Idachepetsedwa kufikira mabanja 1.5 miliyoni, kenaka miliyoni imodzi yokha.

Pa nthawi yomweyo m'nkhokwe za dziko munali chimanga choposa matani 160,000. Malangizo a obwereketsa, kuphatikizapo IMF, adali akuti kusunga chimanga chochuluka chotere n'kutaya ndalama, choncho chichepetsedwe kufika pa matani pafupifupi 60,000. Apa tisanamizane: mlendo adati chepetsani, koma amene adapukuta nkhokwe mpaka pansi adali a kwathu konkuno, ndipo kagulitsidwe kake kadafika pofufuzidwa ndi bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Zokolola za 2001 zitavuta, anthu adadya gaga, mizu ndi zikhawo za nthochi. Boma lidalengeza za ngoziyi mu Febuluwale 2002, maliro atayamba kale m'midzi. Wolemba malangizo sadagone ndi njala ngakhale usiku umodzi. Wogulitsa chimangacho nayenso ayi.

Sitikunena kuti nzeru za kunja n'zachabe. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwako kamafunika mwini mutu anene pometa. Ndiponso tisaganize kuti chilichonse chokhala ndi chidindo cha bungwe lalikulu n'choona. Kwa zaka zambiri maboma, lathu lomwe, ankasintha malamulo a zamalonda kuti akwere pa mndandanda wa lipoti la World Bank lotchedwa Doing Business. Mu 2021 bankiyo idalithetsa lipotilo zitadziwika kuti manambala a maiko ena, monga China ndi Saudi Arabia, adasinthidwa mosayenera.

Mlandu wa atsogoleri athu

N'kosavuta kuloza chala ku Washington. Mlandu waukulu uli pakhomo, chifukwa dziko lino lili nawo akatswiri ake, ndipo akhala akulankhula.

Boma litabwezeretsa feteleza wotsika mtengo mu 2005, obwereketsa ena asakufuna, malemu Professor Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College pamodzi ndi Andrew Dorward wa ku London adailondola ndondomekoyi chaka ndi chaka, ndipo mu 2013 adatulutsa buku lathunthu. Adapeza kuti chimanga chidachulukadi. Adapezanso kuti makuponi ndi feteleza nthawi zambiri zinkafika mochedwa, kuti osaukitsitsa ambiri ankadumphidwa, ndi kuti m'chaka cha 2008/09 ndondomekoyi idadya pafupifupi 16 peresenti ya bajeti yonse ya boma. Kafukufuku wina wa 2011, amene a Chirwa adachita ndi anzawo a ku America, adaonetsa kuti gawo lina la feteleza wa makuponi linkangolowa m'malo mwa amene alimi opezako bwino akadagula okha. Uwu ndiye kafukufuku wotumikira anthu: sadatukwane ndondomekoyo, sadaiyimbirenso m'manja, koma adaloza pamene denga likudontha.

Nanga atsogoleri adachitapo chiyani? Feteleza adasanduka nyambo ya pa chisankho. Chipani chilichonse chimalonjeza thumba lotsika mtengo kuposa chinzake. Mu 2020 ndondomekoyi idakulitsidwa kwambiri pansi pa dzina la AIP, ndipo mu 2022 tidamva zamanyazi zakuti K750 miliyoni yogulira feteleza idalipidwa ku kampani ya ku Britain yochita malonda a nyama. Machenjezo onse aja adalipo, olembedwa bwino, akungodya fumbi m'mashelefu.

Choipa koposa kunyalanyaza ndicho kuopseza. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi adaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, chifukwa chouza ophunzira ake kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungathe kuutsa zipolowe monga zimene zinkachitika ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi adanyanyala, ena adachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro adasokonekera kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu adatuluka m'misewu pa zifukwa zomwezo, ndipo magazi adakhetsedwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ife mnansiyo tidamutumizira apolisi.

Tionjezepo ichi, ngakhale sichikomera abale athu ophunzira. Popeza ndalama zambiri za kafukufuku zimachokera kunja, katswiri wathu amakakamizika kuyankha mafunso a amene wamulipira. Amapita kumudzi ndi galimoto, nafunsa agogo kuti adya kangati dzulo, ali ndi nkhuku zingati, ndipo mayankhowo amakasindikizidwa m'Chingerezi chovuta m'magazini amene ngakhale laibulale ya sukulu yake imavutika kugula. Agogo aja sadzamvanso chimene chidatuluka. Kutenga mawu a munthu wosauka n'kukakwera nawo paudindo osabwerera kudzamuuza zimene mwapeza, kumeneko n'kumudyera masuku pamutu.

Zimene tikupempha

Maiko a mu Africa adalonjezana kuika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku. Tikupempha boma kuti lonjezoli lioneke m'bajeti, kuti University of Malawi, LUANAR, MUBAS, Mzuzu University ndi sukulu zina zizitha kufunsa mafunso a Amalawi popanda kupempha chilolezo kwa mwini thumba kapena kuopa apolisi. Tikupemphanso akatswiri athu kuti zimene apeza azibwerera nazo kumudzi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, pa wailesi ndi pa bwalo la mfumu.

Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, patatsala masiku ochepa kuti IMF ivomereze ngongole yatsopano. Munthu wamba adangomva pa wailesi, ndipo mitengo ya sopo, shuga ndi feteleza idakwera malipiro ake ali pomwepo. Chiganizo chachikulu chotere chisanachitike, kafukufuku amene chatsamirapo aziikidwa poyera ndi kukambidwa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo azinena mosabisa kuti adzapweteke ndani, ndi kuti wopwetekayo adzatetezedwa bwanji.

Kwa inu akhristu anzathu: lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Kambiranani nkhaniyi m'miphakati mwanu. Phungu kapena khansala akadzabwera ndi ndondomeko yatsopano, mufunseni kuti adafufuza ndani, adalipira ndani, ndipo adafunsa anthu a mudzi uti. Akadzati lipotilo lili m'Chingerezi, muuzeni alibweretse. M'parishi iliyonse muli mphunzitsi amene angatiwerengere.