Kodi namwino wa ku KCN anali mwana wa UNIMA kapena mlendo?

Pabalaza la nyumba ina ku Chikamveka pali satifiketi imene yakhala pakhoma zaka zoposa makumi atatu. Galasi lake linang'aluka pakona, pepala linayamba kufiirira, koma dzina la pamwamba likuwerengekabe: University of Malawi. Mwini wake ndi mayi wopuma pa ntchito ya unamwino, amene anaphunzira ku Kamuzu College of Nursing (KCN). Tsiku lina ndili pomwepo, mnyamata wochita lendi chipinda chakuseri, wophunzira wa pa Chirunga, anaima n'kuiyang'anitsitsa. "Amayi, kodi inunso munali a UNIMA? Ine ndimayesa munapita kusukulu ya anamwino." Mayiwo sanasiye kusenda mbatata. "Mwanawe, gauni ndinavalira mu Great Hall momwemo, mmene iwe ukuyembekeza kukavaliramo."

Mnyamatayo sankanyoza. Anangotulutsa pakamwa zimene ambiri a mu Zomba muno timasunga mumtima. Kwa ife yunivesite ndi imene timaiona ndi maso: nyumba za njerwa m'tsinde mwa phiri, laibulale, ophunzira otsetserekera ku Chikanda dzuwa likapendeka. Chancellor College inasamukira kuno pa Chirunga kuchoka ku Chichiri mu 1973, ndipo ofesi yaikulu ya yunivesite inali konkuno. M'kamwa mwa anthu "Chanco" ndi "yunivesite" anasanduka mawu amodzi, makoleji enawo n'kumaoneka ngati ana owapeza.

Pamalamulo palibe chovuta. KCN inakhala koleji ya Yunivesite ya Malawi mu 1979, pamzere umodzi ndi Chancellor, Polytechnic ndi Bunda. Seneti imodzi ndiyo inkavomereza maphunziro ndi zotsatira za mayeso a makoleji onsewa, ndipo chidindo pa satifiketi chinali chimodzi.

Komabe amene amakayikira ali ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuikankhira kunkhongo. Iwo amati yunivesite ndi mudzi, ndipo munthu amakhala wa pamudzi chifukwa chodya nawo, kukangana nawo ndi kulira nawo maliro. Dzina la Chanco silinagwe kumwamba. Linamangidwa ndi olemba a Writers' Group amene ankakumana kuwerengerana ndakatulo pa nthawi imene mawu ankamangitsa. Linamangidwa ndi Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, amene anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Linamangidwanso mu 2011, pamene aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi kwa miyezi yambiri apolisi atafunsa mafunso Blessings Chinsinga pa zimene anaphunzitsa. Mtsikana wophunzira unamwino ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 300 kuchokera kuno, sanakhalepo m'kalasi limodzi ndi wophunzira malamulo kapena mbiri. Zomba ankaiona tsiku lolandira satifiketi, madzulo ake n'kukwera basi. Ndiye akuti, dzina limene anzake anavutikira alidyerenji?

Mfundoyi ikanandigwira mtima ikanakhala kuti amaigwiritsa ntchito pa aliyense. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, patatha zaka 12 KCN ili kale m'banjamo. Ophunzira udokotala nawonso sankagona pa Chirunga. Koma sindinamvepo munthu akufunsa dokotala kuti, "Kodi inunso munali a UNIMA?" Injiniya wa ku Poly safunsidwa. Funsoli limapita kwa namwino, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: kolejiyo poyamba inkatenga atsikana okhaokha, amuna anadzaloledwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo ntchito yosambitsa wodwala ndi kuchezera usiku m'chipinda cha amayi oyembekezera timaiona ngati ya chifundo chabe, yosalira mutu. Amene anaonapo namwino yekhayekha pa chipatala cha kumudzi, akuganiza mwachangu ngati mayi wotaya magazi angadikire ambulansi kapena ayi, sanganene zimenezo. Ndipo ngati dzina limamangidwa ndi thukuta, anamwino ndi azamba amenewa analinyamula kukafika kumidzi kumene ndakatulo za pa Chirunga sizinamvekeko.

Mkangano wotere uliponso kunja, ndipo kumeneko gwero lake likuoneka poyera. Ku New York, Barnard College inakhazikitsidwa mu 1889 chifukwa koleji ya Columbia inkakana kulandira akazi. Columbia inadzayamba kuwalandira mu 1983. Mpaka lero Barnard ndi ya akazi, ili ndi mtsogoleri wake, chuma chake ndi njira yake yosankhira ophunzira, koma ili tsidya lina la msewu womwewo wa Broadway, ophunzira amalowerana m'makalasi, ndipo digiri imene amalandira ndi ya Columbia University. Alipo a ku Columbia amene amadandaula kuti anzawowo analowera khomo lakuseri. Amaiwala kuti khomo lakuserilo linabooledwa chifukwa lakumaso linali lotseka. Ku Cambridge zinali zowawa koposa. Mu 1890 Philippa Fawcett wa ku Newnham College anaposa amuna onse pa mayeso a masamu, koma digiri sanapatsidwe, pakuti yunivesiteyo inayamba kupereka madigiri enieni kwa akazi mu 1948.

Pali malo amodzi pamene okayikira aja ndimawamvetsa kwambiri. KCN inali chiwalo chenicheni cha yunivesite. Koma alipo makoleji ena ongogwirizana nayo, monga Domasi College of Education panjira ya ku Liwonde, imene ili m'manja mwa unduna wa zamaphunziro, ndipo inkasankha ophunzira mwa njira yake. Mwana amene anagona mochedwa zaka zinayi kuti apeze mapointi ochepa pa MSCE, n'kusankhidwa kupita pa Chirunga, akamva wina akuti "ndine wa UNIMA" osatchula kumene anakhala, amamva ngati walandidwa kanthu. Sindimuweruza. M'dziko limene malo a ku yunivesite za boma ndi ochepa chotere, kusankhidwa ndi chuma cha banja lonse.

Apa ndimaona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri: khomo lolowera ndi khomo lotulukira. Mapointi amanena za mwana wa zaka 18, amene mwina anaphunzira ku sekondale yogonera konko ya laibulale ndi labotale, kapena ku sukulu yoyendera ya CDSS kumene mphunzitsi wa sayansi ndi mmodzi. Satifiketi imanena za munthu amene wamaliza. Yunivesite ikaunika silabasi, ikaona mayeso, n'kuika chidindo chake, yachitira umboni kuti munthuyu wafika pa muyeso wake. Amene akukayika afunse mwini chidindo ngati anaunikadi mokwanira. Limenelo ndi funso labwino, loyenera kufunsidwa chaka ndi chaka. Kulifunsa kwa wophunzira amene analemba mayeso amene anapatsidwa n'kukhoza ndi kulakwitsa khomo. Nayenso wa ku Domasi atchule mayina onse awiri polemba kalata yofunsira ntchito, koleji ndi yunivesite, mopanda manyazi. Kubisa dzina la koleji yako ndi kuvomereza kuti onyoza aja akunena zoona.

Pa 4 May 2021 banja lija linagawana. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR. Polytechnic inakhala MUBAS. College of Medicine ndi KCN zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Dzina loti University of Malawi, limene makoleji asanu analimanga pamodzi, linatsalira Chancellor yokha. Mwana wobadwa lero akadzaona satifiketi ya ku Chikamveka ija adzasokonezeka kuposa mnyamata uja, chifukwa ku UNIMA imene adzaidziwe kudzakhala kulibe KCN. Izi zimandidetsa nkhawa, ndipo ndikanakonda yunivesite ikamakumbukira ophunzira ake akale izitchula anamwinowa mokweza.

Chimene ndikuyang'anitsitsa tsopano ndi KUHeS. Kumeneko namwino ndi dokotala ali pansi pa denga limodzi. Ndikufuna ndidzamve zimene anthu azidzayankha mtsikana wa ku Chikamveka akadzanena kuti wasankhidwa kupita ku KUHeS: ngati adzamuyamikira pomwepo, kapena adzayamba afunsa kuti, "Udokotala kapena unamwino?"