MWANA AGWIRE KHASU, ASATAYE BUKU

Alimi anzanga, akuluakulu akakhala pa bwalo madzulo sacedwa kudandaula kuti ana a masiku ano sadziwa khasu. Ena anena kuti sukulu ndiyo yawaononga, ndi kuti kukadakhala bwino akadaleredwa monga tinaleredwera ife. Mau amenewa ali ndi coona cace, koma si onse. Ine amene ndinakulira ku Dowa m'zaka za m'ma 1950 ndipempha kuti tiupete ubwana wathu uja monga apetera mphale m'licero, kuti gaga apite pa yekha.

Tiyambe ndi mphale. Mnyamata wa kumudzi anali kuphunzira ulimi osazindikira kuti ali kuphunzira. Pa zaka 7 anali kudyetsa mbuzi, ndipo zikalowa m'munda wa mwini mlandu unali kufika kwa anyakwawa. Potero anadziwa msanga kuti phesi limodzi la cimanga ndi cuma. Poumba ng'ombe zadothi ku dambo, zala zathu zinasiyanitsa makande osunga madzi ndi mcenga wouma msanga. Potola masuku ndi matowo tinadziwa mitengo ya m'thengo ndi nyengo zace. Agogo anatisonyeza kuti cimanga cikondwa pansi pa msangu, pakuti mtengo umenewu uyoyola masamba ace m'dzinja, dzuwa nilifika pa mbeu, masambawo nasanduka manyowa. Anatilozeranso kaufiti, kaduwa kofiira kaja, nati munda womera kaufiti watopa, ufuna manyowa kapena mtedza. Pokolola amai anali kupatula cimanga ca makolo ca maso akuluakulu, nacipacika pamwamba pa moto kuti utsi uingitse anankafumbwe.

Coposa zonse cinali kamunda. Mwana akafika zaka 10, atate anali kumgawira mizere ingapo m'mphepete mwa munda wao pamodzi ndi kakhasu kakutha. Zokolola zinali zace. Wocedwa kupalira anaona ndi maso ace cimanga cace ciri kufiira pamene ca mbale wace ciri kubiriwira, ndipo panalibe cifukwa cakumkalipira.

Tsono tione gaga, pakuti ukalamba ukumbukira masuku nuiwala minga. M'malimwe tinali kutentha thengo posaka mbewa. Moto unali kudya udzu ndi mapesi oyenera kuolerana m'munda, ndipo mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yamaliseceyo, conde cinali kutsikira ku mtsinje. Kumeneko kunali kugula ndiwo za tsiku limodzi ndi nsima ya caka.

Colemera koposa cinali fodya. Kwathu analima fodya wa cikopa, wofukiza ndi utsi, amene anali kugulidwa pa misika ya boma kuyambira pamene Native Tobacco Board inakhazikitsidwa m'caka ca 1926. Anyamata tinali kuthirira nazale kusanace, kuthyola masamba mame asanakamuke, kusoka, ndi kucezera usiku kusonkhezera moto pa balani. Ambiri anali kumva cizungulire ndi litsipa, ena nasanza, ndipo akulu anayesa malungo kapena ulesi. Lero cidziwika bwino kuti cikonga ca m'masamba onyowa cilowa m'thupi kupyolera pa khungu, ndipo thupi laling'ono la mwana ligwidwa msanga koposa la munthu wamkulu. Anzanga ambiri analekera sukulu pa Sitandade 2 kapena 3 cifukwa ca nchito imeneyi ndi kusowa fizi. Anakula alimi amphamvu ndithu, koma pa msika sanathe kuwerenga sikelo, ndipo anali kungolandira cimene wogula wanena.

Dziko nalonso lasintha. Pa kalembera wa 1966 anthu m'Malawi anali ngati mamiliyoni 4. Pa kalembera wa 2018 anapitirira mamiliyoni 17. Anthu acuruka, koma nthaka sibala inzace. Makolo athu munda ukatopa anali kuugoneka, natsegula mphanje. Mdzukulu wathu adzalandira kadera kakang'ono, ndipo adzadya pokhapo ngati adziwa kusamala nthaka, kuwerenga malemba a pa thumba la mbeu ndi la feteleza, ndi kuwerengera ngati fodya wace wabweza ndalama zimene analowetsa. Khasu lokha silidzamkwanira. Buku lokha silidzamdyetsanso, pakuti nchito za m'tauni sizikwanira onse otsiriza sukulu.

Ticite ciani tsono? Coyamba, mwana asajombe ku sukulu cifukwa ca munda, ngakhale pa nyengo yothyola fodya. Fizi ya ku pulaimale inacotsedwa m'caka ca 1994, ndipo lamulo la nchito la 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosakwana zaka 14. Caciwiri, fodya akhale nchito ya akulu: mwana asagwire masamba onyowa, asapopere mankhwala, asagone pa balani. Cacitatu, tibweze mwambo wa kamunda. Mpatseni mwana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, mizere 10 ya cimanga ndi mtedza, ailime Loweruka ndi pa chuthi. Alembe m'kope tsiku lobzala ndi zimene wakolola, ndipo akagulitsa, ndalamazo zikhale zace. Mukamlanda, mwamphunzitsa kuti ulimi ndi thangata. Cacinai, agogo amene akali moyo ayende ndi adzukulu ao m'munda, awasonyeze msangu ndi kaufiti, pakuti nzeru zimenezi zikapita kumanda sizibweranso.

Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga cocedwa kupaliridwa siciwira ngakhale acithire feteleza wambiri pambuyo pace. Akale anati m'mera mpoyamba. Mvula ya caka cino isanagwe, yesani mizere ya mwana wanu, ndipo Lolemba m'mawa muone kuti wapita ku sukulu.